Dzino la mwana limasunga mbiri ya mtovu

Dzino la mwana limakula m'mizeremizere ngati thunthu la mtengo, kuyambira mwana akadali m'mimba. Zinthu zina zimene zalowa m'magazi ake, monga mtovu, zimasiya chizindikiro pa mzere wa nthawiyo.

Asayansi, monga Manish Arora wa ku Mount Sinai ku New York, amawerenga mizereyi ndi laser. Kuwala kwake kumawotcha kadontho kochepa kwambiri pa dzino, kachidutswako kamasanduka mpweya wotentha wokhala ndi mphamvu ya magetsi, ndipo makina otchedwa mass spectrometer amasiyanitsa tinthu ta m'menemo potengera kulemera kwake. Motero amadziwa nthawi imene mtovu unalowa m'thupi.

Luso ndi labwino, koma limatiuza zimene zachitika kale. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, ndipo bungwe la WHO likuti palibe mlingo wa mtovu umene ndi wosavulaza. Ku Kabwe m'dziko la Zambia, mgodi unatsekedwa mu 1994, koma ana akudwalabe ndi fumbi lake.

N'chifukwa chake sitiyenera kudikira makina okwera mtengowa. Makolo, musalole ana kusewera pamene anthu amaswa mabatire akale a galimoto kapena kunyambita penti yosupuka. Asambitseni m'manja asanadye, ndipo kolopani m'nyumba ndi nsalu yonyowa. Alangizi a zaumoyo, funsani za zimenezi poyendera mabanja. Boma nalo lilimbikitse kuyeza penti yogulitsidwa m'misika, ndi kuyeza magazi a ana okhala pafupi ndi malo oterewa.