Mnzathu Akakomoka, Tisabise Choonadi kwa Adotolo

Achinyamata anzathu, ambiri a ife tinaonapo munthu akugwa mwadzidzidzi pa asembule, m'tchalitchi kapena pabwalo la mpira. Kawirikawiri munthu amakomoka pamene magazi okwanira sakufika ku ubongo kwa kanthawi kochepa. Njala, kuima nthawi yaitali padzuwa, kutsegula m'mimba, ngakhalenso mantha poona singano pokayezetsa magazi, zonsezi zikhoza kumugwetsa munthu. Kukomoka si umboni woti munthu ali ndi kachirombo ka HIV, choncho tileke manong'onong'o.

Mnzathu akagwa, timugoneke chagada pamthunzi, tikweze miyendo yake ndi kumasula zovala zothina. Tisamumwetse madzi kapena kuika supuni m'kamwa asanatsitsimuke, chifukwa akhoza kutsamwa. Ngati akupuma koma sakudzuka pakatha mphindi imodzi, timugoneke chammbali ndipo tithamangire naye kuchipatala. Tithamangenso ngati wakomoka ali mkati mosewera mpira, ngati akumva kupweteka pachifuwa, ngati wavulala kumutu, kapena ngati ndi mtsikana amene m'mimba mukumupweteka kwambiri.

Kumalo olandirira odwala mwadzidzidzi, adotolo amayeza kagundidwe ka mtima, kuthamanga kwa magazi, shuga, malungo ndi kuchuluka kwa magazi m'thupi. Atsikana amayezedwanso mimba, popeza mimba yokhala kunja kwa chiberekero imatha kutaya magazi m'kati mpaka kupha. Komabe makina paokha sanena zonse. Adotolo amafunsa zomwe zinachitika munthu asanagwe, ndiponso mankhwala omwe akumwa.

Apa ndi pamene ife ogwira ntchito zaumoyo m'midzi timadandaula. Ena amasiya dala kabuku kawo ka kuchipatala kunyumba, ndipo akafunsidwa za ma ARV amakana chifukwa cha manyazi. Kutereku ndi kudzipweteka tokha. Mankhwala a AZT, omwe ena akumwabe, amatha kuchepetsa magazi m'thupi. Nayenso amene anasiya kumwa ma ARV akhoza kukhala ndi matenda aakulu monga oumitsa khosi, ofunika chithandizo tsiku lomwelo. Adotolo akapanda kudziwa izi, amataya nthawi kufufuza kwina.

Tikudziwa kuti mantha alipo ndithu, makamaka pamene anzathu a kukalabu atiperekeza ndipo aima pafupi. Tili ndi ufulu wopempha kuti tilankhule ndi adotolo patokha, ndipo iwo ali ndi udindo wosunga chinsinsi. Ife operekeza tifotokoze zomwe tinaona: anagwa bwanji, anakhala nthawi yotani asanadzuke, anaphupha kapena ayi. Tikatero tituluke panja, ndipo tikabwerera kumudzi tisunge pakamwa.

Tiyeni pamsonkhano wotsatira wa kalabu yathu tiyeserere kugoneka munthu wokomoka, kuti tsiku la ngozi tisadzangoima n'kumaonerera.