Mlandu wa Chipolopolo cha .280 Ross

Okonda mbiri ya mfuti amatamanda chipolopolo cha .280 Ross ngati chipambano cha sayansi, koma matamandowo amaphimba mlandu umene uyenera kugwera amene anachipanga. Chipolopolochi, chimene Sir Charles Ross anachitulutsa cha m'ma 1906 kuti chizilowa m'mfuti zake zosulidwa ku Quebec m'dziko la Canada, chinali ndi mutu wolemera pafupifupi magalamu 9, ndipo mutuwo, womwe ndi kachitsulo kamene kamatuluka mfuti ikalira, unkauluka mamita pafupifupi 900 pa sekondi imodzi. Liwiro lotere linatheka chifukwa cha onga wosafuka utsi, umene Paul Vieille anaupanga ku France mu 1884.

Pa mipikisano yowombera chandamale ku Bisley, ku England, chipolopolochi chinachitadi bwino, popeza chothamanga kwambiri sichigwera pansi msanga ndipo mphepo sichipatutsa kwenikweni. Cholakwa chinali kuchigulitsa kwa alenje ngati choyeneranso nyama zikuluzikulu. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya kugunda imawirikiza kanayi, kotero kuti mutu wa mtovu wokutidwa ndi kachitsulo kopyapyala, monga inalili mitu ya nthawi imeneyo, unkanyenyeka ukagunda fupa kapena mnofu wolimba, n'kusiya bala lalikulu pamwamba koma mtima ndi mapapo zili bwinobwino. Nyama yovulazidwa motero imavutika kwa nthawi yaitali, ndipo ikakhala yolusa imabwerera mlenje.

Zimenezi n'zimene zinagwera George Grey, yemwe mu 1899 anatsogolera ulendo umene unafika pa miyala ya mkuwa ya ku Kansanshi, m'dziko limene lero ndi Zambia. Mu 1911, ali ku Kenya, anawombera mkango ndi .280 Ross, koma mkangowo sunagwe. Unamukhadzula, ndipo anamwalira ku Nairobi patapita masiku ochepa. Ena amati Grey anadziputira yekha ngozi poyandikira mkango, ndipo mawuwa ali ndi choonadi chake, komabe samasula opanga, amene anali ndi mwayi wonse woyesa mituyo pa fupa asanaigulitse.

Vutoli linali lotheka kulikonza. Mu 1948 John Nosler, wa ku America, anayamba kugulitsa mutu wogawidwa pakati ndi khoma lachitsulo, umene mbali yake yakutsogolo imafutukuka pamene yakumbuyo imakhalabe yamphumphu n'kupitiriza kuloweratu m'kati. Apa n'kuti patapita zaka 37 Grey ataikidwa m'manda.