Mlimi asagule kawiri: parabolika ndi antena zikhale m'bokosi limodzi

ULÓNGUÈ – Nyengo yokolola ikatha, ndalama za mbatata ya kachewere, nyemba ndi fodya zikalowa m'thumba, mabanja ambiri a m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga amatsikira ku msika ndi cholinga chimodzi: chaka chino pakhomo pakhale wailesi ya kanema. Akafika pa banka, wogulitsa amawafunsa kuti, "Bambo, mukufuna dikoda ya parabolika kapena ya antena?" Mlimi amaloza imene ndalama zake zikukwanira. Miyezi ikapita amabweranso kudzagula inayo, chifukwa yoyamba ija yamupatsa theka la zimene ankafuna.

Funso la wogulitsali ndi lolakwika, makamaka kwa anthu a m'malire. Lilipo bokosi limodzi lolandira zonse ziwiri, limene amalonda amalitcha combo, ndipo ambiri mwa mabokosi amenewa amatha kusunga pulogalamu kuti munthu adzaonere nthawi ina. Bokosi limeneli ndilo liyenera kukhala loyamba kuonetsedwa kwa mlimi wa ku Dómuè, ku Zóbuè, ku Milange kapena ku Mandimba.

Nkhaniyi inayamba patali. Maiko anagwirizana kuti kuulutsa kwa kanema kwakale, kumene kunkabwera ndi chithunzi cha mchengamchenga, kuthe pofika pa 17 June 2015. Mozambique inachedwa. Boma linabwereka ndalama zokwana madola 156 miliyoni ku banki ya ku China yotchedwa Exim, kampani ya StarTimes inamanga milongoti 60 m'dziko lonse, ndipo kampani ya TMT inapatsidwa ntchito yoyendetsa milongotiyo. Mu October 2020 Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Filipe Nyusi, anatsegulira njira yatsopanoyi ku Beira, ndipo mu 2021 makina akale anayamba kuzimitsidwa. Kuchokera pamenepo, TV yakale yopanda dikoda inasanduka tebulo loikapo maluwa.

Milongoti 60 ija inakonzedwa kuti ifikire anthu pafupifupi 70 pa 100 alionse. Otsalawo ali kuti? Ali kutali ndi mizinda, kuseri kwa mapiri ndi m'zigwa. Ambiri mwa awerengi a tsamba lino ali m'gulu limenelo, kapena ali pa mzere weniweni pamene chithunzi chimabwera lero, mawa n'kusowa.

Antena imalandira kuchokera ku mlongoti wa pansi pano. Mafunde ake amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi. Phiri likaima pakati, basi. Ndiponso kanema wa digito alibe chifundo ngati wakale uja. Kale munthu ankaonera mpira ngakhale osewera akuoneka ngati mizukwa. Lero chithunzi chimakhala choyera bwino kapena chimaduka timabokosi, kuima, n'kuzimiratu. Nyumba ziwiri za m'mudzi umodzi, ina pa chitunda ina kudambo, zikhoza kusiyana ngati usana ndi usiku. Ubwino wa antena ndi woti mvula siyiisokoneza kwenikweni, ndipo mtengo wake ndi wochepa: nsungwi yaitali, waya ndi antenayo.

Parabolika imalandira kuchokera ku setilaiti imene ili kumwamba, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa mzere wa pakati pa dziko lapansi. Setilaitiyo imazungulira limodzi ndi dziko, n'chifukwa chake mbale ija ikalozetsedwa bwino sifunanso kusunthidwa. Phiri silivuta, pokhapokha nyumba ili patsinde penipeni kapena mtengo wa mango waphimba kutsogolo. Mdani wake ndi mvula. Mitambo yakuda ya January ikaunjikana, madontho amameza mafunde aja asanafike pa mbale, ndipo chithunzi chimapita. Aliyense amene anakhalapo m'nyumba yoonetsera mpira chimvula chikugwa amadziwa phokoso limene limabuka, ndi mmene mwini nyumba amatulukira thukuta anthu akufuna ndalama zawo.

Tsono chimene chimagonjetsa antena sichigonjetsa parabolika, ndipo chimene chimagonjetsa parabolika sichigonjetsa antena. M'bokosi la combo muli timakina tiwiri tolandirira, ndipo kumbuyo kwake kuli mabowo awiri olowetsa waya. Pa katoni pamalembedwa DVB-T2, kutanthauza antena, ndi DVB-S2, kutanthauza parabolika. Zilembo zimenezi mlimi azilembe pa kapepala asanapite ku msika. Likasowa limodzi, si combo, ngakhale wogulitsa alumbire. Mawayilesi onse amabwera pa mndandanda umodzi, ndi rimoti imodzi. Palibenso zozula mawaya usiku ndi tochi kukamwa.

Palinso nkhani ya magetsi. Midzi yambiri ya kuno ilibe mawaya a EDM, ndipo kanema amadalira sola ndi batire. Madikoda ambiri amayendera mavolti 12. Mabokosi awiri oyaka pamodzi amadya batire kuposa limodzi, ndipo m'miyezi ya mitambo batire ikatha, ana amagona osaona mapeto a novela, foni ya mayi nayo osatchajidwa.

Koma phindu lalikulu, limene amalonda salitchula n'komwe, ndi kusunga mapulogalamu. Amene amakonza ndandanda ya mapulogalamu amakhala ku Maputo, ndipo amatsata nthawi ya anthu a mu ofesi. Mlimi amalawirira kumunda kusanache. Mayi akabwera kumunda amapita kukatunga madzi, kenaka pa moto. Pulogalamu ya ulimi, ya zaumoyo kapena ya maphunziro ikadutsa masana, yadutsa. Bokosi lokhala ndi bowo la USB limalola munthu kulowetsa flash, kuika nthawi, n'kupita ku ntchito zake. Pa chithunzi wamba, ola limodzi limadya pafupifupi 1 GB, kotero flash ya 32 GB ingasunge maola oyandikira 30; chithunzi cha HD chimadya kawiri kapena katatu kuposa pamenepo.

Pano pali chinthu chimene anthu a m'tauni sangachimve msanga. Mapulogalamu ambiri a m'dziko muno ali m'Chipwitikizi, ndipo agogo ambiri a ku Angónia amangotolapo mawu awiri atatu. Telejornal ikadutsa kamodzi, mdzukulu sangathe kumasulira uku akumvera. Ikasungidwa, amaimitsa, kufotokoza m'Chinyanja, kubwerera m'mbuyo pamene sipanamveke. Chenjezo la kolera, tsiku la katemera, malangizo a mbozi za m'chimanga, zonsezi zimafika kwa mwini wake m'chilankhulo chake. Mphunzitsi naye akhoza kusunga phunziro usiku n'kukaonetsa ana mawa lake, kumene sukulu ili ndi TV.

Ena adzati parabolika yokha ikukwanira, popeza DStv, ZAP ndi StarTimes amanyamulanso mawayilesi a m'dziko muno. N'zoona, amanyamula ena. Koma njira imeneyo ndi yolipira mwezi ndi mwezi, ndipo ndalama za mlimi sizibwera mwezi ndi mwezi. Zimabwera kamodzi, pokolola. Mu February, nkhokwe itapepuka, palibe bambo wanzeru amene angasankhe kulipira kanema m'malo mogula thumba la chimanga. Apo ndi pamene antena imagwira ntchito, kumene mlongoti ukufikako, kuti banja lisakhale mumdima pa nkhani za dziko lake. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mu 2015, pa msonkhano wa ku Johannesburg, dziko la China linalonjeza kuika kanema wa setilaiti m'midzi 10,000 ya mu Africa, ndipo midzi mazanamazana ya mu Mozambique inalandira nawo. Inali ntchito yabwino. Komabe mudzi umene uli ndi njira imodzi yokha umakhala m'manja mwa kampani imodzi, ndipo mtengo ukasintha ulibe kothawira.

Kwa anthu a m'malire palinso china. Msewu wa ku Malawi wochokera ku Dedza kupita ku Ntcheu, m'malo ena ndiwo malire enieni: mbali ino Mozambique, mbali inayo Malawi, msika umodzi, chilankhulo chimodzi, maliro amodzi. Mafunde safuna pasipoti. Malawi nayo imagwiritsa ntchito DVB-T2, monga anagwirizanirana maiko a SADC, ndipo dikoda yawo amaitcha Kiliye Kiliye. Pali midzi imene antena yake imaona mlongoti wa tsidya linalo bwino kuposa wa kuno. Izi si zoipa. Nyimbo ndi masewero a m'Chichewa ndi a anthu omwewa. Koma mwana wa ku Calómuè amene amangoona za Lilongwe amakula akudziwa osewera a Flames, osadziwa a Mambas. Mtengo wa feteleza umene amamva ndi wa makwacha, tsiku la mayeso ndi la dziko lina. Banja lotere lifunika khutu lachiwiri lolozera ku Tete ndi ku Maputo, ndipo kumeneko khutu limenelo ndi parabolika.

Combo si mankhwala a matenda onse. Ndi yodula kuposa dikoda wamba, ndipo ikafa, zonse zafa tsiku limodzi. Mphezi ya kuno imalowera pa waya wa antena, choncho chimvula chikayamba kugunda, waya azule. Munthu amene ali pafupi ndi mlongoti ndipo safuna mpira wa ku Ulaya, dikoda ya TMT imukwanira. Amene ali m'chigwa mmene antena sigwira n'komwe, asataye ndalama pa bowo limene sadzaligwiritsa ntchito. Ayambe wafunsa anansi amene anaimika kale nsungwi.

Ndipo wogula akhale tcheru. Mawayilesi ena ndi otsekedwa, ndipo amatseguka ndi dikoda ya kampani yawo yokha, ngakhale bokosi lina litakhala ndi zilembo zonse. Si combo iliyonse imene imalola kusunga pulogalamu ina uku munthu akuonera ina. Zosungidwa kuchokera ku wailesi yotsekedwa nthawi zambiri zimaoneka pa bokosi lomwelo basi, flash ikapita kwa mnansi siitseguka. Tsono wogula auze wogulitsa kuti, "Achimwene, lumikizani pompano, ndione TVM, ndionenso mukusunga." Wokana kuyesa ali ndi chifukwa chake. Wina akalonjeza kuti bokosi lake limatsegula mawayilesi onse olipira kwaulere mpaka kalekale, ameneyo akugulitsa katundu wakuba, ndipo tsiku limene kampani idzasintha loko, iye adzakhala atasamukira msika wina.

Ntchito yotsalayo ndi ya akuluakulu. Bungwe la INCM, limene limayang'anira za mauthenga m'dziko muno, pamodzi ndi TMT, atulutse mndandanda wa mabokosi ovomerezeka, aupachike pa maofesi a maboma ndi pa zipata za Calómuè, Zóbuè ndi Cassacatiza pamene katundu wotere amalowera. Anenenso poyera midzi imene milongoti ikufikako ndi imene sikufikako, kuti munthu asagule mwa kulosera. Rádio Moçambique ku Tete imalankhula kale Chinyanja. Mphindi khumi pa sabata zofotokoza zilembo ziwiri zija zingapulumutse matumba ambiri a mbatata.

Mabuku a malangizo a mabokosiwa amabwera m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi, ndipo ambiri amathera kuyatsira moto. M'boma lililonse muli anyamata amene anaphunzira okha kulozetsa mbale, akukwera padenga ndi sipanala wina akufuula m'nyumba kuti "yabwera, yapita". Maphunziro a masiku ochepa ndi kachipangizo koyezera mafunde zingawapatse ntchito yeniyeni, ndipo zimenezi zichitike mu April, misika ya zokolola isanatseguke.