Kuyenda m'nkhalango si kwa azungu okha

Mukaona alendo atabereka zikwama ku Cape Maclear, mwina mumati zimenezo n'za anthu andalama. Ayi ndithu. Minibasi imakutulani pa Monkey Bay, njinga yamoto n'kukufikitsani ku Chembe. Kuchokera pamenepo, kanjira ka m'nkhalango ya Lake Malawi National Park kamakathera ku Otter Point, komwe mbuna mumaziona m'madzi mutangoima pathanthwe. Ena amawolokera nyanja zamchere kudzaona zimenezi, eniakefe tili phee.

Inu amene achipatala anakupezani ndi BP kapena shuga, kuyenda kotereku kumathandizana ndi mankhwala anu. Kambiranani kulimana, musonkherane ya thiransipoti ndi yolowera pageti. Koma zosambira samalani nazo, m'madzi a ku Chembe muli likodzo.