Nyimbo itasowa mwini wake

Pa 29 February 2012, tsiku lija limabwera kamodzi pa zaka zinayi, bambo wina wa zaka 66 analawira m'mamawa kukazonda akavalo ake pa famu ina ku Indiantown, m'chigawo cha Florida ku America. Ali komweko anayamba kumva kupweteka m'chifuwa, ndipo ngakhale anathamangira naye kuchipatala mumzinda wa Stuart, madokotala sanathe kupulumutsa moyo wake. Bamboyo anali Davy Jones, mbadwa ya ku Manchester ku England, mmodzi mwa anthu anayi a gulu loimba la The Monkees. Kwa ambiri mwa owerenga athu dzina la gululi ndi lachilendo. Koma amene anaonerapo ndi ana awo filimu ya makatuni ya Shrek, ya mu 2001, anamvamo nyimbo yotchedwa I'm a Believer, imene oyamba kuitchukitsa anali a The Monkees mu 1966.

Tonsefe takhalapo pa maliro n'kumva mbiri ya malemu ikuwerengedwa, ndipo tikudziwa kuti mbiri imeneyi imaonongeka m'njira ziwiri. Pali amene amanong'onezana kuseri kwa nyumba kuti malemuyo sanali kanthu, zonse zimene anali nazo anachita kum'patsa ndi ena. Palinso amene amaima pagulu n'kumukometsera mpaka achibale kumayang'anana, kudabwa ngati amene akunenedwayo ndi m'bale wawo yemwe uja. Gulu la The Monkees linakumana nazo zonse ziwiri, n'chifukwa chake taona kuti nkhani yake, ngakhale ndi yakutali, ndi yoyenera kuisinkhasinkha.

Gululi silinabadwe monga amabadwira magulu ena, a anyamata okulira pamodzi n'kumasonkherana ndalama yogulira gitala. Linabadwira mu ofesi. Filimu ya The Beatles yotchedwa A Hard Day's Night itakopa achinyamata mu 1964, kampani ya Screen Gems inavomera maganizo a Bob Rafelson ndi Bert Schneider okonza sewero la pa wailesi ya kanema, lonena za kagulu ka oimba osauka amene akuvutika kuti atchuke. Mu September 1965 awiriwa analengeza m'nyuzipepala za ku Hollywood kuti akufuna anyamata anayi, ndipo kunabwera anthu 437. Mwa amene anatengedwa pamapeto pake, awiri anali a zisudzo. Davy Jones anasiya sukulu ali wamng'ono kuti akaphunzire kukwera akavalo a mpikisano, kenaka anatchuka m'sewero la Oliver! ku London ndi ku New York. Micky Dolenz anali atasewerapo pa kanema ali mwana. Awiri enawo, Michael Nesmith wa ku Texas ndi Peter Tork, anali oimba kale. Dolenz anauzidwa kuti m'seweromo adzakhala woomba ng'oma, chikhalirecho ng'omazo anali asanaziphunzire.

Sewerolo linayamba kuonetsedwa pa kanema wa NBC pa 12 September 1966, ndipo chaka chisanathe nyimbo zawo zinali zitafika pamwamba pa mndandanda wa zogulidwa kwambiri ku America. Woyang'anira nyimbozo anali Don Kirshner, munthu wa khutu lakuthwa pa malonda. Iye ankatenga nyimbo kwa akatswiri olemba monga Neil Diamond, Carole King, Tommy Boyce ndi Bobby Hart, n'kuitana akadaulo a ganyu kuti aimbe zida mu situdiyo. Anyamata anayi aja, kwakukulu, ankangobwera kudzaikamo mawu. Pa zikuto za zimbale panali nkhope zawo, koma maina a oimba zida aja panalibe. Zimenezi zitadziwika, atolankhani anawakhalira pamsana. Popeza The Beatles ankatchedwa Fab Four, iwowa anapatsidwa dzina lachipongwe la Prefab Four, kuwafanizira ndi nyumba zija amapangiratu zipupa zake ku fakitale n'kungodzalumikiza pamalo. Kunena kwathu kuno, ankawaona ngati chikomekome cha mkuyu.

Sitinganene kuti onyozawo analibe mfundo. Mwana amene anatulutsa ndalama yake kugula chimbale anasiyidwa kuti akhulupirire zimene sizinali zoona, ndipo kumeneko n'kulakwa. Koma chilungamo chikufuna tinenenso kuti mchitidwe woitana akadaulo a ganyu unali paliponse ku Los Angeles masiku amenewo. Pa nyimbo yoyamba kutchuka ya gulu la The Byrds, munthu mmodzi yekha wa m'gululo ndiye anagwira chida. Chimbale cholemekezeka cha The Beach Boys, Pet Sounds, zida zake zambiri anaimba ndi akadaulo a ganyu omwewo. Amenewa palibe anawatcha achinyengo. Mlandu wa The Monkees unakula chifukwa iwo anapangidwa poyera, aliyense akuona, ndiponso chifukwa okonda nyimbo zawo ambiri anali atsikana a sukulu, amene akatswiri oweruza nyimbo sankawerengera maganizo awo.

Chimene chatikhudza ife ndi chimene anyamatawo anachita atazindikira mmene zinthu zinalili. Mu January 1967 chimbale chawo chachiwiri, More of the Monkees, chinatulutsidwa eni nkhope a pachikuto asakudziwa. Pa msonkhano umene unachitikira ku Beverly Hills Hotel, Kirshner anabwera ndi macheke a ndalama zambiri, ndipo Nesmith atadandaula anakumbutsidwa kuti anasaina mgwirizano. Nesmith anamenya chibakera pa chipupa mpaka kuchiboola. Chibakeracho sitikuchiyamikira. Koma taganizirani, owerenga okondedwa, za mnyamata wa zaka 24, wa banja ndi mwana, amene dzana lomweli ankasowa ndalama, lero am'patsa cheke choti akhale chete, iye n'kunena kuti chimene akufuna n'chakuti dzina lake likhale pa ntchito imene wagwiradi ndi manja ake. Njira yosavuta inali kulandira, kumwetulira, n'kubwerera kukajambulitsa sewero. Ambiri a ife, tikanena moona mtima, tikanatero. Patangopita milungu yochepa Kirshner anachotsedwa ntchito, ndipo anyamata aja analowa mu situdiyo ndi zida m'manja. Dolenz anali ataphunzira ng'oma zija, popeza kuyambira mu December 1966 gululi linkaimba pamaso pa anthu m'mabwalo akuluakulu, kumene kulibe katswiri wobisala kuseri. Chimbale chimene anatulutsa mu May 1967, Headquarters, chinafika pa nambala 1, ndipo chinatsitsidwapo ndi Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band cha The Beatles eni ake.

Pano tisamukometsere malemu Jones. Iye sanali patsogolo pa nkhondo imeneyi. Otsogolera anali Nesmith ndi Tork. Jones anakulira m'zisudzo, kumene munthu amapatsidwa mawu olembedwa ndi wina n'kuwanena ndi mtima wonse, ndipo sankaona manyazi pa zimenezo. Ntchito yake, monga ankaionera, inali yakuti amene walipira pakhomo abwerere kwawo atasangalala. Anaigwira ntchito imeneyi mpaka ukalamba, m'maholo akuluakulu ndi ang'onoang'ono omwe, kuimba nyimbo zomwe zija usiku ndi usiku osaonetsa kutopa nazo. Ife sitikuona kuti kukhulupirika kwa mtundu umenewu n'kochepa poyerekeza ndi kwa Nesmith.

Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Sewero lija linatha mu 1968 litaonetsedwa zigawo 58. Filimu yawo ya chaka chomwecho, Head, imene Jack Nicholson anathandiza kulemba, inkaseka kupangidwa kwawo komwe, koma anthu sanapite kukaionera. Tork anachoka kumapeto kwa 1968, ndipo m'zaka zotsatira ndalama zinam'thera mpaka anakagwira ntchito ya uphunzitsi ku California. Nesmith anachoka mu 1970. Zinaoneka ngati zatha. Koma mu 1986 kanema wa MTV anaonetsanso sewero lija, ana a anthu amene analionera poyamba analikonda, ndipo Jones, Dolenz ndi Tork anayambanso kuyenda m'mizinda kukaimba. Nesmith nthawi zambiri ankakhala patali. Anagwirizana nawo pa chimbale cha Justus mu 1996 ndi pa ulendo wa ku Britain mu 1997, kenaka anachokanso, ndipo Jones sanabise kukhumudwa kwake.

Ndiye imfa inafika. Mwambo wa maliro a Jones unali wa banja, ndipo anzake atatu aja sanapiteko, poopa kuti kupezeka kwawo kungaitane khamu la atolankhani pakati pa anamfedwa. Kwa ife amene tinaleredwa kuti maliro a mnzako sujomba, zimenezi n'zovuta kuzimeza, ngakhale chifukwa chake tikuchimvetsa. Chimene chinadabwitsa anthu chinachitika mu November chaka chomwecho: Nesmith, amene kwa zaka 15 sanayende nawo, anatenga gitala lake n'kutsagana ndi Dolenz ndi Tork pa ulendo woimba m'mizinda ya ku America. Timazidziwa zimenezi. Abale amene akhala zaka osayenderana amakumana pa siwa, n'kupeza kuti chimene chinkawalekanitsa chinali chaching'ono. Chowawa chake n'chakuti amene akanakondwa kwambiri kuwaona pamodzi ndi yemwe wagonayo.

Pa ulendowo panali funso limene sakanalilambalala. Nyimbo ya Daydream Believer, yolembedwa ndi John Stewart, imene inafika pa nambala 1 mu December 1967, inkadziwika ndi mawu a Jones. Kuisiya kukanakhala ngati kumufufuta. Kuti wina mwa atatuwo aitenge kukanakhala ngati kuvala jekete la malemu dothi la pamanda lisanaume. Iwo anasankha kuti pasakhale woitenga. Usiku uliwonse ankaitana munthu wamba kuchokera pakati pa oonerera kuti akwere pa nsanja n'kutsogolera, holo yonse ikuyankha. Ife tikuona kuti apa anaweruza bwino kuposa onse amene analemba za iwo. Nyimbo imeneyi sanailembe ndi Jones, ndipo mwini wake mwa malamulo ndi wina. Komabe kwa zaka 45 anthu anali ataiimba pa maukwati awo, m'galimoto, pogoneka ana. Gulu limene linakonzedwa kuti ligulitse malonda pa kanema linasiya kanthu kamene anthu anakatenga n'kukasandutsa kawo, ndipo pa tsiku lachisoni kanthuko kanagwira ntchito yotonthoza. Mofatsa momwemo, pa chimbale cha Good Times! cha mu 2016, chokumbukira zaka 50 za gululi, anaikamo nyimbo imodzi ya mawu a Jones ojambulidwa kalekale, osasaka munthu woti alowe m'malo mwake.

Tsopano mbali ina ija, ya okometsera. Kwa zaka zambiri nyuzipepala ndi mabuku ankalemba kuti mu 1967 The Monkees anagulitsa zimbale zambiri kuposa The Beatles ndi The Rolling Stones kuphatikiza pamodzi. Okonda gululi ankagwiritsa ntchito mfundo imeneyi ngati chibonga chokanthira onyoza. Mu 2017, m'buku la mbiri ya moyo wake lotchedwa Infinite Tuesday, Nesmith anaulula kuti anaipeka yekha. Anafotokoza kuti mu 1977, ali ku Australia, anauza mtolankhani wina chiwerengero cha m'mutu mwake, cha zimbale 35 miliyoni, mtolankhaniyo n'kuchisindikiza osafufuza, ndipo ena anakopera kwa iye kwa zaka 40. N'zoseketsa, koma zikutipatsanso manyazi ife olemba m'nyuzipepala. Munthu yemwe uja anaboola chipupa pofuna choonadi ndi amenenso anadzala bodza lokhalitsa pa mbiri ya gulu lake. Chomvetsa chisoni n'chakuti bodzalo silinkafunika n'komwe. M'chaka cha 1967 zimbale zinayi za gululi zinakhalapo pa nambala 1 ku America, ndipo sewero lawo linapata mphoto ziwiri za Emmy. Zoona zake zinali zokwanira. Woonjezera pa mbiri ya malemu amakhala akuvomereza mumtima kuti moyo weniweniwo unali woperewera, ndipo potero amagwirizana ndi wonong'ona kuseri kwa nyumba uja.

Peter Tork anamwalira ndi khansa pa 21 February 2019 ali ndi zaka 77. Dolenz ndi Nesmith anayenda ulendo wotsanzikana ndi anthu mu 2021, n'kuumalizira ku Greek Theatre mumzinda wa Los Angeles pa 14 November. Pa 10 December Nesmith anamwalira ali ndi zaka 78. Pofika tsiku limenelo a Rock and Roll Hall of Fame, nyumba yolemekeza oimba otchuka ku America, anali asanalilandire gululi. Ena amakwiya nazo. Ife sitikuona kuti n'zofunika kwambiri, popeza atatu mwa eni ake sadzamvanso kuomba m'manja kumeneko.

Akavalo aja Jones anakawazonda m'mawa wa tsiku lake lomaliza, ana ake aakazi anayi anakhazikitsa thumba loti liziwasamalira. Micky Dolenz anatsala yekha. Mu 2023, ali ndi zaka 78, anayenda m'mizinda ya ku America kuimba nyimbo za m'chimbale cha Headquarters, chija anayiwo anachimenyera nkhondo kuti aimbe okha, zithunzi za anzake atatu zikuoneka pa chinsalu kumbuyo kwake.