Asayimenti ikachedwa, musathamangire kunena kuti ndi ulesi

Ku England kuno anthu akudikira zaka kuti ayezedwe ngati ali ndi ADHD, vuto lomwe limachititsa munthu kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kuiwalaiwala komanso kuchita zinthu mopupuluma. Mu September 2023 boma lidachenjeza kuti mankhwala ake, monga methylphenidate, akusowa, ndipo mu 2024 NHS England idakhazikitsa gulu lapadera loti liunike nkhaniyi. Ife makolo amene ana athu ali m'mayunivesite, zimenezi zikutikhudza.

ADHD siyambira ku yunivesite ayi. Zizindikiro zake zimaoneka mwana asanakwanitse zaka 12, koma pakhomo zimabisika. Amayi amamudzutsa, abambo amafunsa za homuweki, aphunzitsi amamukumbutsa. Akangopita ku Leeds kapena Nottingham, zonsezo zatha. Palibe womuuza kuti agone, adye, achape zovala, apereke asayimenti Lachisanu. Ntchito imaunjikana, manyazi amamugwira, kenako amasiya kulowa m'kalasi. Apa ndi pomwe matenda a kukhumudwa amalowera, ndipo ife anamwino timadziwa kuti awiriwa amayendera limodzi kawirikawiri.

Nanga ife timati chiyani? Timati ndi ulesi, timukumbutsa mashifiti a usiku amene tikugwira chifukwa cha iye. Mwana amangoyankha kuti zonse zili bwino, basi. Komatu akakwanitsa zaka 18, nthawi zambiri yunivesite siingakuuzeni kanthu popanda chilolezo chake. Mudzamva atalephera kale chaka.

Poti mzere wakuchipatala ndi wautali chonchi, kudikira chikalata cha dokotala n'kutaya nthawi. Lamulo la Equality Act la 2010 limakakamiza mayunivesite kuthandiza ophunzira amene ali ndi mavuto otere okhalitsa, monga kuwaonjezera nthawi pa mayeso. Mwana apite lero ku ofesi yothandiza ophunzira, akaonanenso ndi GP. Ku England afunse za Right to Choose, njira yomwe imalola wodwala kusankha kokayezedwa.

Inu mukamuimbira foni, siyani kaye za magiredi. Funsani kuti wadya chiyani, wagona nthawi yanji, watuluka liti m'chipinda. Mayankho ake ndi amene adzakuuzeni zoona. Akatchula zofuna kudzipha, abale, musazengereze: imbani 999 kapena apite ku A&E nthawi yomweyo. Digiri angathe kuimaliza chaka china, bola akhale moyo.