ZA M'MAIKO ENA: MMISIRI WOPANDA NYUNDO WA KU LITHUANIA

Sabata ino tikutengerani ku Ulaya, ku dziko laling'ono lochedwa Lithuania, limene liri m'mbali mwa nyanja ya Baltic. Likulu lace ndi Vilnius, ndipo anthu ace sakwana mamiliyoni 3. Dzikoli liribe migodi ikulu-ikulu, koma lachuka cifukwa ca amisiri olemba mapulogalamu a kompyuta.

Kodi mmisiri wotere amagwira nchito yanji? Kompyuta iri ngati wanchito wamphamvu, wosatopa, koma wosadziwa kanthu payekha. Icita cokhaco cimene yauzidwa. Tsono mmisiriyu amakhala pansi ndi kulemba malangizo mzere ndi mzere, kuti makinawo adziwe coyamba ndi cotsatira. Akaphonya cilembo cimodzi, nchito yonse ingathe kuima, ndipo angathe tsiku lathunthu akufunafuna pamene palakwika. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Luso limeneli silinabwere dzulo ku Lithuania. Dzikoli likali pansi pa Soviet Union, mu Vilnius munali fakitale yopanga makina owerengera, ndipo m'zaka za m'ma 1960 inapanga makina amene anawacha Rūta, dzina la kacitsamba kamene anthu a kumeneko amakakonda. Pa 11 Marichi 1990 dzikoli linalengeza ufulu wace. M'zaka zotsatira mafakitale ambiri anatsekedwa, minda ya boma yolimira pamodzi inagawidwa, ndipo anthu ambiri anasowa nchito. Pamene Lithuania inalowa m'bungwe la European Union mu 2004, acinyamata zikwi-zikwi anapita kukafuna ndalama ku Britain, Ireland ndi maiko ena. Mu 1990 anthu anali pafupifupi mamiliyoni 3.7, koma kalembera wa 2021 anapeza mamiliyoni 2.8 okha.

Pakati pa amene anatsala panali mnyamata wolemba mapulogalamu, Justas Janauskas. Mu 2008 mtsikana wina, Milda Mitkutė, anali kusamuka nyumba ndipo anali ndi zobvala zambiri zimene sanali kuzifunanso. Awiriwa anagwirizana zokonza malo pa intaneti pamene munthu angaonetse cithunzi ca cobvala cace kuti wina acigule kapena asinthane naye. Ife kuno malonda a zobvala zakale timawadziwa, ndiwo salaula. Kusiyana kwace nkwakuti kumeneko palibe mabelo kapena kuyala pamsika: wogulitsa ndi mwini cobvala, wogula amasankha pa foni, ndipo katundu amapita ngati phukusi.

Kampani yao, imene lero ichedwa Vinted, sinayende bwino nthawi zonse. Mu 2016 inatsala pang'ono kugwa ndipo anchito ena anacotsedwa. Atsogoleri ace anasintha njira: analeka kulipiritsa wogulitsa, ndipo kandalama kocepa kanayamba kucokera kwa wogula. Pofika 2019 mtengo wa kampaniyo unapitirira mayuro biliyoni imodzi, ndipo inali yoyamba ya ku Lithuania kufika pamenepo. Onani kuti cimene cinaipulumutsa sicinali makina atsopano ai, koma kumvetsa mtima wa mai amene safuna kulipira asanagulitse diresi lace. Mmisiri wosadziwa anthu amalemba malangizo opanda pace.

Koma tisaganize kuti moyo wa amisiriwa ndi uci wokha-wokha. Zoona, malipiro ao ndi apamwamba koposa a anchito ambiri m'dzikomo. Ena amagwirira makampani a ku London kapena ku America ali m'nyumba zao, makamaka kuyambira 2020 pamene mliri wa Covid-19 unatseka maofesi. Komabe munthu amakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo, maso ali pa galasi, msana ukuwawa, wopanda mnzace woceza naye. Cimene waphunzira caka cino cimakalamba m'zaka zowerengeka, motero sukulu yace siitha. Ndiponso kuyambira 2022 kwafala mapulogalamu monga ChatGPT amene amatha kulemba okha mbali ya malangizowo, ndipo oyamba kumene nchitoyi ali ndi nkhawa kuti kodi adzawalemba ndani.

Palinso bvuto lina limene mmisiri woona mtima amaliona akapita kukaceza kwa agogo ace kumudzi. Nchito zabwinozi zaunjikana ku Vilnius ndi ku Kaunas. Boma linayala mawaya a intaneti mpaka kumidzi, koma waya sabweza mwana amene anacoka. M'midzi yambiri mwatsala okalamba, ndipo masukulu ena anatsekedwa cifukwa ana anacepa. Cuma cakwera m'tauni pamene nyumba za kumudzi zikugwa madenga.

Cinthu cimodzi cimene anthu a ku Lithuania anacita mwanzeru ndico kuyamba ndi ana. Mu 2004 Profesa Valentina Dagienė anayambitsa mpikisano wa ana a sukulu wochedwa Bebras, dzina la kanyama kakhama kamene kamatseka mitsinje ndi mitengo. Ana amapatsidwa mafunso onga ndagi, ofuna kuganiza mwa dongosolo, ndipo mwana angayankhe ngakhale sanalembepo pulogalamu. Lero mpikisanowu ukucitika m'maiko oposa 50.

Apa ndi pamene pali phunziro la makolo. Maziko a luso limeneli ndi kuwerenga, masamu ndi kuleza mtima, ndipo izi zimayambira m'kalasi loyamba, kompyuta isanaoneke. Mwana amene mumcotsa pasukulu kuti akawete ng'ombe kapena kuti akwatiwe msanga mwamtsekera khomo limeneli. Koma amene waphunzira naye akumbukire kwao, pakuti dziko lingalemere ndi makina, midzi yace nkutsala mabwinja.